Mabuku Amene Solvej Ankalawa

Solvej atasiya kundiyankhula anali ndi zaka khumi ndi zinayi. Sindinganame kuti ndinalakwiridwa. Ndinachoka pakhomo pathu ku Kolding ndi zikwama ziwiri, n'kupita kukakhala ndi mkazi wina ku Esbjerg, ndipo mwana wangayo anamva nkhaniyi kwa mnzake wa m'kalasi ine ndisanamuuze. Mkazi amene ndinamutsatirayo tinangokhala naye miyezi isanu ndi iwiri. Iye atapita ndinatsala m'kanyumba ka zipinda ziwiri pafupi ndi doko, ndi ntchito yoyendetsa basi ya m'tauni, ndi mwana amene sankayankha foni.

Mayi ake, Majbritt, sankandiletsa kumuona.

"Ine sindinamumange miyendo," ankatero. "Koma sindingamukweze sitima mokakamiza. Wakula, Flemming."

Ndinkaimba Lamlungu lililonse, foni n'kumaitana mpaka kuduka yokha. Ndinkalembanso timauthenga topanda mutu: kwayamba kuzizira, uzivala, lero ndaona galu wofanana ndi wa agogo ako. Pansi pa uthenga pankangooneka kuti wawerenga, basi.

Tsiku lina mu Marichi, ndikusakasaka chingwe cha wailesi m'katoni imene sindinaimasulepo chisamukire, ndinapeza tabuleti yakale ya pakhomo pathu, yong'aluka pakona. Ndinaiika pa magetsi kuti ndione ngati ikadali ndi moyo. Itayaka ndinakumbukira kuti Solvej ali ndi zaka zisanu ndi zinayi ndinatsegula akaunti ya banja pa sitolo ya mabuku ya pa intaneti, kuti tonse atatu tiziwerengerapo. Majbritt anali atachokapo kalekale. Solvej sanachokepo. Chilichonse chimene ankatsitsa pa foni yake ku Kolding chinkaonekanso pa tabuleti imene inali m'manja mwangayi.

Sitoloyo imalola munthu kutsitsa masamba oyambirira a buku, makumi awiri kapena atatu, kuti alawe asanasankhe. Pa shelefu ya Solvej ya mu akauntimo panali zolawa zoposa zana, zonse nkhani za achinyamata. Pansi pa chilichonse panali kamzere kosonyeza pamene analekezera. Zina anazisiya pa tsamba lachitatu. Zina anafika nazo kumapeto, ndipo buku lathunthu linali pambali pake.

Ndinatsegula chimodzi ndili chiimire m'khitchini. Inali nkhani ya mtsikana wokhala pa chilumba chimene boti limafikako kawiri pa sabata. Ndinawerenga mpaka pamene Solvej analekezera, tsamba la khumi ndi chimodzi, n'kudzifunsa kuti chinamutopetsa n'chiyani pamenepo. Ndinawerenganso tsambalo katatu. Kwa miyezi khumi ndinali ndisanamve mawu ake, ndipo apa ndinali nditagwira chinthu chimene iye anachigwira dzulo lake.

Ndinazindikira msanga kuti ndikapitirira tsamba lake, kamzere kaja kasunthanso pa foni yake. Choncho ndinkayamba ndazimitsa intaneti, n'kuwerenga, ndipo ndikamaliza ndinkabwerera pa tsamba lomwelo ndisanaiyatsenso. Munthu wochita zimenezo amadziwa kuti akuba. Ine ndinkadziwa.

Tabuleti ija ndinayamba kupita nayo kuntchito. Pakati pa ulendo wa m'mawa ndi wa masana timakhala ndi mphindi makumi anayi m'chipinda chodyera cha ku depoti, ndipo ndinkadya buledi wanga wakuda wopaka chiwindi maso ali pa masamba. Amene anandigwira anali Bodil, mayi amene wayendetsa basi zaka makumi atatu ndipo saopa munthu. Anasuzumira paphewa panga khofi ali m'manja.

"Flemming, ndevu zonsezi ukuwerenga za kamtsikana kokondana ndi mzukwa?"

"Si mzukwa. Ndi mnyamata amene anamira kalekale."

"Ndiye kwanu mumati chiyani ameneyo, wapolisi?"

Anakhala pansi, ndipo ndinamuuza zonse. Anamvetsera akutafuna apulo wake pang'onopang'ono.

"Mwanayo akudziwa?"

"Ayi."

"Muuze. Umulembere kuti ndaona mabuku ako, ndawerengako, ena ndawakonda. Akakutukwana, ndiye kuti wayankhula nawe."

"Akadziwa atseka akauntiyo."

"Ndiye bola uzimusuzumira pa zenera?"

Sindinalembe.

M'miyezi yotsatira ndinaphunzira makhalidwe a mwana wanga ngati mmene ndimadziwira mphambano za m'tauni. Ankatsitsa zolawa Lamlungu masana, zisanu ndi chimodzi kapena zisanu ndi zitatu nthawi imodzi. Buku limene nkhani yake yayamba ndi munthu akudzuka ku maloto sankapitirira nalo tsamba lachiwiri. La mtsikana wodziyang'ana pa kalilole n'kumafotokoza maso ake, chimodzimodzi. Ankakonda mabuku amene anthu ake amayankhulana mwamwano koma akukondana, ndiponso amene muli galu, bola galuyo asafe. Pena ankatenga buku lathunthu, n'kudumphira kumapeto kukaona, kenako n'kubwerera poyambira. Izi anatengera kwa ine. Nane ndinkachita zomwezo ndili mwana, ndipo mayi anga ankandikalipira.

Ndinafika polosera. Lamlungu ndinkalawa zonse zimene watsitsa, n'kulemba pa kapepala buku limene ndikuganiza kuti alitenga, ndipo Lachiwiri ndinkakaona. Poyamba ndinkaphonya. Pofika mu Ogasiti ndinkalondola kawiri mwa katatu, n'kumayenda tsiku lonse ngati munthu amene walandira kalata. M'nyengo yomweyo ndinasiya kuimba foni. Sindinachite kukonza kuti ndisiye. Kungoti Lamlungu linali litapeza ntchito ina, yosapweteka ngati kumvera foni ikuitana mpaka kuduka.

Zinasintha mu Januwale. Sabata yachiwiri ya mweziwo Solvej anatsitsa zolawa zisanu ndi zinayi, osati Lamlungu koma Lachitatu. Choyamba chinali cha mtsikana wosunga mapiritsi a mayi ake m'sokosi, limodzilimodzi. Chachiwiri chinali cha mnyamata amene mlongo wake anadziponya pa mlatho. Chachitatu, mtsikana wovala malaya a manja aatali ngakhale kutentha. Zonse zisanu ndi zinayi zinali za mtundu womwewo, ndipo zonse anaziwerenga mpaka tsamba lomaliza, chinthu chimene sanachitepo. Munalibe galu, munalibe nthabwala. M'chimodzi mwa izo anadula mzere wachikasu pansi pa mawu awa: "Palibe anazindikira, chifukwa ndinkadya, ndinkaseka, ndinkatsuka mbale."

Masana a tsiku limenelo ndinapitirira malo awiri okwerera anthu ataimirira pamvula akundikupiza manja. Mayi wina wachikulire anabwera kutsogolo kudzandifunsa ngati ndikudwala. Lachisanu Solvej anatsitsa zina zinayi.

Ndinamuonetsa Bodil. Ulendo uno sanaseke. Anavala magalasi ake, nawerenga mzere wachikasu uja kawiri.

"Muimbire iyeyo," anatero. "Osati mayi ake. Iyeyo."

"Sayankha."

"Waimba liti komaliza?"

Ndinayang'ana kumbali.

"Mulembere ndiye. Kapena kwera sitima, ukaime pakhomo. Ndi ola limodzi lokha, Flemming, si ku mwezi."

Ndinatuluka panja, kumene mabasi amaima, mphepo ya kunyanja ikundimenya kumaso. Ndinatsegula dzina la Solvej pa foni, chala chili pamwamba pake. Ndinaona m'maganizo mwanga akundifunsa kuti ndadziwa bwanji, ndipo mtima unandithawa. Ndinaimbira Majbritt.

Anayankha ali kuntchito kwake, ku chipatala cha mano, mawu ali otsika.

"Ndili ndi anthu pano. Chachitika n'chiyani?"

"Solvej ali bwino?"

"Ali kusukulu. Bwanji?"

"Akudya? Akugona? Wayang'anapo manja ake posachedwapa?"

Ndinamva chitseko chikutsekedwa.

"Ukunena chiyani iwe?"

Ndinamuwerengera nkhani za mabuku aja, limodzilimodzi, ndi mzere wachikasu uja. Ndinkamumva akupuma.

"Wazidziwa bwanji zimenezi?"

"Akaunti ija ya mabuku. Ikadali m'dzina langa."

"Kuyambira liti?"

"Majbritt, zimenezo tidzakambirana. Pitako kaye."

Anadula foni. Madzulo ake ndinamuimbira kanayi, osayankha. Loweruka anangolemba kuti, "Ali moyo, ali pakhomo. Usaimbenso." Sabata yonse yotsatira ndinayendetsa basi ngati munthu woyenda m'tulo. Pa shelefu sipanabwere chatsopano chilichonse.

Lachinayi masana foni inanjenjemera m'thumba ndili pa roboti. Nditafika kumapeto kwa ulendo ndinaitulutsa. Linali dzina la Solvej, koyamba m'miyezi makumi awiri. "Loweruka 2 koloko, malo a khofi oyang'anana ndi siteshoni ya Kolding." Panalibe moni, panalibe china.

Bodil anavomera kundigwirira ntchito ya Loweruka. Ndinameta ndevu, ndinasita shati. M'sitima ndinkayeseza zoti ndikanene, ndipo ndivomere kuti pansi pa mantha onse panali kachiyembekezo. Ndinkati mwina wamva kuti bambo ake sanamuiwale.

Ndinafika nthawi isanakwane, ndinakhala pafupi ndi zenera. Atalowa ndinatsala pang'ono kusamuzindikira. Anali atatalika kuposa mayi ake, tsitsi lalitali lija atalidula kufika m'makutu. Sanavule jekete. Anakhala moyang'anana nane, manja ali m'matumba.

"Solvej. Wakula."

"Eya, anthu amakula."

"Ndikuitanitsire chokoleti chotentha? Kapena buledi wa sinamoni, unkamukonda."

"Sindikhalitsa, adadi."

Anatulutsa pepala lopinda m'thumba, naliyala patebulo. Linali la kusukulu. Ana a kalasi lake, lachisanu ndi chinayi, anapatsidwa sabata yofufuza mutu umene asankha okha, awiriawiri, n'kudzafotokozera anzawo. Pansi panalembedwa dzina lake ndi la mtsikana wina, Tilde, ndi mutu wawo: mmene mabuku a achinyamata amakambira za kudzipha.

"Timafuna mabuku atatu," anatero. "Ndiye ndimalawa ambiri kuti tisankhepo. Mzere munauona uja ndinaudula kuti ukakhale pa chikwangwani chathu."

Ndinamva thupi lonse likumasuka.

"Ndiye uli bwino. Mwana wanga, ndinachita mantha kwambiri."

"Musasangalale. Sindinathe."

Anayankhula motsitsa mawu, maso ali pa pepala lija.

"Amami anabwera kusukulu Lachisanu lomwelo. Analowa m'kalasi phunziro lili mkati, akulira. Ananditengera kwa nesi wa pasukulu, ndipo anandiuza kuti ndivule juzi kuti aone manja anga. Ndi miyendo yomwe. Titafika kunyumba anakhuthula madirowa anga onse pabedi, anachotsa kiyi pa chitseko changa. Mpaka lero sanabwezere. Kusukulu aliyense akudziwa. Ena amandiyankhula mofatsa ngati ndine dzira, ena amakoka manja a majuzi awo ndikamadutsa, n'kumaseka."

"Sindinaganize kuti Majbritt achita zotero."

"Munaganiza kuti achita chiyani? Munawauza kuti mwana wawo akufuna kufa."

Mtsikana wogulitsa anabwera kudzafunsa ngati tikufuna kanthu. Solvej anapukusa mutu. Ine ndinaitanitsa khofi wina ngakhale woyamba anali asanathe.

"Mukudziwa chifukwa chake tinasankha mutu umenewu?" anapitiriza. "Mchimwene wake wa Tilde anadzipha zaka ziwiri zapitazo. Kunyumba kwawo dzina lake satchula n'komwe. Tilde ankafuna kuchita zimenezi makolo ake asakudziwa, kuti ayankhulepo kamodzi kokha pamaso pa anthu. Aphunzitsi anali atavomera. Amami atapanga phokoso lija, sukulu inaimbira makolo a Tilde. Anamuchotsa pa mutu wathu uja. Panopa akulemba za mphepo yopangira magetsi, yekha, ndipo sandiyankhula. Akuti ndinaulula."

"Ndingathe kuwaimbira makolo akewo, ndiwafotokozere kuti cholakwa ndi changa."

"Musayerekeze."

Anapinda pepala lija, nalibwezera m'thumba. Apa ndi pamene anandiyang'ana m'maso koyamba.

"Munayamba liti?"

"Mu Marichi."

"Marichi wa chaka chatha. Zonse?"

"Zolawa zonse. Ndi mabuku athunthu ena."

"Ndi lija la atsikana awiri a ku msasa wa mahatchi?"

Ndinavomera ndi mutu. Nkhope yake inafiira mpaka m'khosi, ndipo ndinazindikira kuti buku limenelo, limene ine ndinangoliwerenga ngati ena onse, kwa iye linali chinsinsi chimene anali asanauze munthu.

"Ndimafuna kukudziwa, Solvej. Sunkayankha foni."

"Koma ndinkaiona ikuitana. Lamlungu lililonse 4 koloko ndinkaiika patebulo n'kumaiyang'ana. Ndinkati tsiku lina ndidzayankha, ndikadzasiya kukwiya. Kenako inangosiya. Ndinaganiza kuti mwatopa nane, kapena mwapeza mkazi wina. Osadziwa kuti muli phee, mukuwerenga."

Ndinafuna kunena kanthu koti kamufewetse, ndipo ndinanena chinthu chopusa kuposa zonse.

"Lija la mnyamata womira ndinalikonda kwambiri. Pamene galu akumudikira pa gombe paja. Ndinadziwa kuti nawenso ulikonda."

Anatseka maso kwa kanthawi.

"Chichokereni inu, aliyense amandifunsa mmene ndikumvera. Amami, agogo, aphunzitsi, mayi wa uphungu wa kusukulu uja. M'mabuku mokha ndi mmene munalibe munthu. Tsopano ndikakumbukira buku lililonse la chaka chathachi ndimakuonani muli kumbuyo kwanga. Sindingathenso kulitsegula ngakhale limodzi."

Anaimirira, nakoka zipi ya jekete mpaka pachibwano.

"Dikira," ndinatero. "Ingondiuza chimodzi. Uli bwinodi?"

"Sindikufuna kufa, ngati ndi zimene mukufunsa. Ndangotopa nanu nonse."

"Ndikuperekeze?"

"Ndili ndi njinga."

Ndinamuona pa zenera akumasula loko, akupukuta chishalo chonyowa ndi dzanja la jekete. Sanacheuke. Ndinakhala pamenepo ndi makapu awiri a khofi mpaka kunja kunayamba kuda, cha m'ma 4 koloko, ndipo ndinapita kukakwera sitima. Tisanafike n'komwe ku Esbjerg ndinatsegula tabuleti. Shelefu inali yopanda kanthu. Anali atachotsa dzina lake, ndipo mabuku onse anapita naye.

Lamlungu lotsatira ndinaimba 4 koloko. Foni sinaitane, inangoduka pomwepo. Ndinayesanso sabata inayo, ndi inayo. Bodil anandiuza kuti zikatero ndiye kuti nambala yanga yatsekedwa. Ndinalemba kalata ya pamanja, masamba atatu, ndipo Majbritt anandiuza kuti anaisiya pa desiki ya mwanayo, n'kukhala pamenepo yosatsegulidwa mpaka tsiku lina inasowa. Sakudziwa ngati inawerengedwa kapena inatayidwa.

Mu Epulo, patangopita masiku ochepa Solvej atakwanitsa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, Majbritt anandiimbira ndili m'chipinda chodyera.

"Pali nkhani, ndipo usaganize kuti yachokera kwa ine. Akufuna kusintha dzina. Asiye Thygesen, atenge la kwathu, Overgaard."

"Wanena chifukwa?"

"Akuti akupita kusukulu yatsopano mu Ogasiti, ndipo akufuna akayambe kumene palibe womudziwa. Ndamuuza kuti adikire zaka ziwiri, adzasinthe yekha. Wakana. Pakufunika kuti nawenso uvomereze."

"Ndikakana?"

"Ukakana adikira zaka ziwirizo, kenako asintha. Ndipo adzakhala ndi chifukwa china."

"Kodi akuwerenganso?"

"Sindikumuona ndi buku. Amathamanga. Amadzuka m'mamawa, n'kukathamanga m'mbali mwa nyanja, yekha." Anapuma. "Nane ndinalakwa, Flemming. Nane sandiyankhula kwenikweni. Kungoti tikukhala nyumba imodzi."

Fomu inafika pa foni yanga patapita ola. Inali yaifupi: dzina la mwana lakale, dzina latsopano, ndi kabokosi ka kholo. Ndinaiwerenga kangapo ngati mwina pali poti munthu n'kulembapo mawu, koma panalibe. Ndinadina kabokosiko, ndinatsimikiza kuti ndine, ndipo foni inandithokoza.

Woyang'anira anasuzumira pakhomo, nati basi yanga yatsala ndi mphindi zitatu. Ndinakulunga buledi amene sindinamudye, ndinavala jekete ya ntchito, n'kutuluka kukaliza injini.